Funsani Amalume: Kiyi wakale asatsegulenso

Amalume,

Ndine mnyamata wa ku Chinamwali. Ndinamaliza dipuloma ya zamakompyuta chaka chatha koma ntchito sindinaipeze. Gulu lina la aphunzitsi amene amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi n'kumabwereketsana linandipatsa ganyu yowapangira webusaiti. Membala aliyense amalowa ndi nambala ya foni ndi pasiwedi n'kuona zimene wasunga, ngongole yake ndi tsiku lobweza. Ndinailemba ndi chilankhulo cha PHP ndi database ya MySQL basi, popanda Laravel, chida chokonzedwa kale chothandiza kulemba mawebusaiti. Mamembala alipo 140. Vuto ndi lakuti munthu akafuna kusintha pasiwedi amandiimbira ine, nthawi zina usiku, ine n'kukasintha pamanja mu phpMyAdmin, pulogalamu yotsegulira database. Ndatopa nazo. Ndapanga fomu ya mabokosi awiri, la pasiwedi yatsopano ndi lobwereza, ndipo munthu akadina batani imapita mu database itabisidwa ndi njira ya md5. Ikugwira bwinobwino. Apampando akuti tisamafunse pasiwedi yakale chifukwa anthu amaiwala, komanso munthuyo amakhala atalowa kale. Kodi ndiikweze pa seva momwemo?

Mnyamata wa ku Chinamwali

Mphwanga, usaikweze. Ipatse Loweruka ndi Lamlungu limodzi. Zatsalazo si zambiri, koma ndi zimene zingakugonetse ku polisi ndalama za aphunzitsi zikadzasokonekera.

Wachita bwino kufuna kusiya zosintha pamanja. Panopa ukudziwa mapasiwedi a aliyense amene anakuimbirapo, ndipo ndikhulupirire, ena mwa iwo anakutchulira yomweyo imene amalowera pa Facebook, mwinanso manambala omwewo amene amatapira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money. Tsiku limene wina adzadandaule kuti akaunti yake yalowedwa, chala choyamba chidzaloza iwe.

Tiyambe ndi mawu a apampando, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Akuti munthuyo walowa kale. Walowayo ndani? Seva yako siona nkhope. Membala akalowa, PHP imapatsa browser yake kanambala kachinsinsi kosungidwa mu cookie, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wogwira foniyo, kwa seva, ndiye mwini akaunti. Zili ngati kanambala kamene amakupatsa ukasungitsa chikwama pakhomo la golosale yaikulu. Wosunga zikwama uja sakukumbukira, amangoona nambala, ndipo amene watola kanambalako ndiye apite ndi chikwama.

Tsono taganizira mmene foni imayendera kwathu kuno. Magetsi akathima, mafoni amakatchajitsidwa ku babashopu ya sola n'kuswera kumeneko, ambiri opanda loko pa sikirini. Mphunzitsi ali m'kalasi, foni yatsala patebulo mu sitafu rumu. Mwana wabwereka kuti afufuze za homuweki. Mnzake wa kuntchito wati tandibwerekani ndiimbe, yanga yatha mayunitsi. Bambo wa panyumba akufuna kudziwa kuti akazi awo asunga zingati ku gulu, pamene mayiwo anasankha dala kusanena. Onsewa "alowa kale". Ndi fomu yako ya mabokosi awiri, aliyense wa iwo mphindi imodzi imukwanira kuika pasiwedi yakeyake, kenako azilowa ali kwawo pa foni yake, mwini wake atatsekeredwa panja. Bokosi lachitatu, la pasiwedi yakale, ndi lokhalo limene limafunsa chimene chili m'mutu mwa mwini. Mabokosi enawo amayankhidwa ndi aliyense amene ali ndi zala.

Zoti anthu amaiwala ndi zoona, koma woiwala ali ndi khomo lake lina, ndipo ndalifotokoza poyankha kalata yomaliza m'munsimu. Makomo awiriwa usawaphatikize. Apampandowo usakangane nawo pa WhatsApp, akuluakulu sakonda kutsutsidwa pagulu ndi mauthenga. Pa msonkhano wa komiti uwapemphe mwaulemu kuti alowe mu akaunti yawo n'kukubwereka foni. Usinthe pasiwedi onse akuona, ubweze foniyo, uwapemphe kuti atuluke n'kulowanso. Akalephera kulowa, uwauze yatsopanoyo msangamsanga asanakwiye. Bokosi lachitatu alivomereza okha.

Tsopano md5, ndipo pano ndikhalitsapo. Pasiwedi siyenera kusungidwa mmene munthu waitayipira. Imayamba yagayidwa, ndipo chosungidwa ndi ufa wake, umene amautcha hash. Chimanga chikalowa m'chigayo sichibwereranso kukhala chimanga. Munthu akabwera kudzalowa, umagaya zimene watayipa n'kuyerekeza ufa ndi ufa. Mpaka apa md5 ikuchita zomwezo. Vuto lake ndi liwiro. Ronald Rivest anaikonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti izithamanga, poti ntchito yake inali yotsimikizira kuti uthenga kapena fayilo sinasinthidwe panjira. Lero kompyuta imodzi yokhala ndi khadi lamphamvu la magemu imagaya mawu mabiliyoni ambirimbiri pa sekondi imodzi ndi md5. Wakuba amene wakopera tebulo lako la users sasowa kubweza ufa kukhala chimanga. Amangogaya chilichonse chimene munthu angaganize, mpaka ufa wake ufanane ndi wako.

Tenga mphunzitsi amene waika nambala ya foni ya mkazi wake, poganiza kuti manambala 10 ndi ambiri. Nambala zambiri kwathu kuno zimayamba ndi 088 kapena 099. Otsala ndi manambala 7, kutanthauza njira 10 miliyoni pa chiyambi chilichonse. Kwa md5 imeneyo si ntchito ya sekondi n'komwe. Chinanso, md5 yokhayokha imatulutsa ufa wofanana kwa anthu onse a pasiwedi yofanana. Tsegula tebulo lako usiku uno, ulisanje motsata kolamu ya pasiwedi, uone mizere ingati ikufanana. Akaswa mmodzi waswa onsewo.

Izi zinachitikira makampani aakulu kuposa gulu lanu. Mu 2012, ma hash pafupifupi 6.5 miliyoni a LinkedIn anaikidwa poyera pa intaneti. Anali a SHA-1, mbale wake wa md5, opanda mchere (zilembo zachisawawa zosakaniza ndi pasiwedi ya munthu aliyense), ndipo ambiri anaswedwa m'masiku ochepa. Mu 2016 zinadziwika kuti obedwa anali oposa 100 miliyoni. RockYou yokha inaposa apa. Mu 2009 anaibera mapasiwedi 32 miliyoni osagaya n'komwe, ndipo mndandanda umenewo ndi umene akuba amayambira kuyesa mpaka lero. Yotchuka kwambiri pa mndandandawo inali 123456.

Mankhwala ake uli nawo kale m'nyumba. Kuyambira PHP 5.5, ya mu 2013, muli password_hash yogayira ndi password_verify yoyerekezera. Ukaiitana ndi PASSWORD_DEFAULT imagwiritsa ntchito bcrypt, imene Niels Provos ndi David Mazières anaitulutsa mu 1999. Bcrypt anaipanga kuti izichedwa dala. Ili ndi nambala yotchedwa cost, ndipo ukaikweza ndi 1, nthawi yogaya imawirikiza kawiri. Kwa zaka zambiri PHP inkaika 10, kuyambira 8.4 imaika 12. Membala wodikira kachigawo ka sekondi sazindikira n'komwe, koma wakuba woyesa mawu mamiliyoni amakalamba ali pomwepo. Mchere, kutanthauza zilembo zachisawawa zimene zimasakanizidwa ndi pasiwedi ya munthu aliyense payekha, password_hash imathira yokha n'kuusunga mkati mwa hash momwemo. Usapange wako. Ngati kumene mumasungitsa webusaitiko kuli Argon2id, ya m'banja la Argon2 limene linapambana mpikisano wa njira zogayira mapasiwedi mu 2015, igwiritse ntchito. Ngati kulibe, bcrypt sikuchititsa manyazi.

Pali msampha umodzi umene wagwira anyamata ambiri amene ndawathandizapo. Hash ya md5 ili ndi zilembo 32, ndipo ndikubetcha kuti kolamu yako ya pasiwedi unaipatsa malo 32 omwewo. Ya bcrypt ili ndi zilembo 60. MySQL ikakhala kuti siili mu strict mode, imadula mchirawo mwakachetechete, fomu n'kunena kuti zatheka, koma munthuyo sadzalowanso. Ukulitse kolamuyo ifike 255 usanachite china chilichonse, monga buku la PHP limalangizira. Usayerekezenso ma hash awiri ndi chizindikiro cha kufanana, chifukwa pasiwedi imodzimodziyo ikagayidwa kawiri imatuluka mosiyana kaamba ka mchere uja. Yerekeza ndi password_verify basi. Ndipo pasiwedi usaitsuke ndi trim kapena htmlspecialchars, zimene zimachotsa kapena kusintha zilembo zina, isanagayidwe. Ukaitsuka pa fomu yosinthira n'kuiwala kutero pa fomu yolowera, wadzipangira foni ina ya usiku. Bcrypt imawerenga ma byte 72 oyambirira okha (chilembo wamba ndi byte imodzi), choncho uike malire a zilembo 64. Kwa okonda kalembedwe kakale, ŵ wa mu Malaŵi amadya ma byte awiri.

Nanga anthu 140 amene ali kale ndi md5? Usawathamangitse onse tsiku limodzi. Pa tsamba lolowera, uyang'ane zimene zasungidwa. Zikayamba ndi $2y$ ndi bcrypt, ndipo ngati unasankha Argon2id zimayamba ndi $argon2id$. Zikapanda kutero, yerekeza ndi md5 monga kale, ndipo zikafanana, pasiwedi yeniyeni uli nayo m'manja pa kamphindi kameneko, choncho igaye ndi password_hash n'kufufuta yakaleyo. Pakatha miyezi iwiri, otsala amene sanalowe uwafufutire md5 yawo, adzadzere khomo la oiwala.

Ndikuuze zamanyazi zanga. Zaka zapitazo ndinkasamala kapulogalamu ka ofesi ina konkuno ku Zomba. Lachisanu madzulo, mvula itachita mdima kuphiri, ine mtima uli pa minibasi ya ku Limbe, mkulu wina anandipempha kuti ndimusinthire pasiwedi. Ndinalemba UPDATE, lamulo losintha, pa mzere woyamba, WHERE, yonena akaunti yoti isinthidwe, pa mzere wachiwiri, koma podina ndinali nditasankha mzere woyamba wokha. Kompyuta inamvera. Ine ndinanyamuka. Lolemba m'mawa ofesi yonse, kuyambira bwana mpaka mesenjala, inali ndi pasiwedi imodzi, ndipo amene ankatha kulowa anali mkulu uja yekha, amenenso akanatha kulowa mu akaunti ya aliyense akanadziwa. Kope yosungira imene ndinali nayo inali ya Lachitatu. Kuyambira tsiku limenelo ndimalemba WHERE poyamba, UPDATE pambuyo, ndipo ndimawerenga kuti mizere yasinthidwa ingati.

Kwa iwe phunziro lake ndi lakuti WHERE ikhalepo, komanso nambala ya membala imene ikulowa mu WHERE ichokere mu session, kutanthauza zimene seva imasunga zokhudza munthu amene walowa. Ndaona mafomu ambiri obisa nambalayo mu hidden input, bokosi la fomu losaoneka pa sikirini. Chobisika chimenecho mwana wa Fomu 2 amachiona podina Inspect, n'kusintha 37 kukhala 1, ndipo nambala 1 kawirikawiri ndi akaunti ya admin, kapena kunena kuti yako. Ngakhale utafunsa pasiwedi yakale, ukaiyerekeza ndi ya membala wa mu session koma n'kusintha ya nambala yochokera mu fomu, khomo likadali pululu. Nambala ikhale imodzi, yochokera malo amodzi. Ugwiritse ntchito prepared statement ya PDO kapena mysqli, imene imaletsa zimene munthu watayipa kusanduka lamulo kwa database, ndipo ukatha uone kuti mzere wosinthidwa ndi umodzi.

Tsopano chimene ambiri amaiwala, ngakhale amene achita bwino zonse zapamwambazi. Munthu amasinthiranji pasiwedi? Kawirikawiri ndi chifukwa chakuti akukayikira wina. Tinene mayi wina wazindikira kuti mlamu wake akudziwa ndalama zake zonse mpaka tambala, ndiye wabwera kudzasintha. Koma mlamuyo analowa pa foni yake sabata yatha ndipo sanatuluke. Cookie yake ikadali yamoyo. PHP payokha siidziwa kuti pasiwedi yasintha, imangoona session yovomerezeka n'kutsegula. Mayiyo wasintha loko wa pakhomo wakuba ali kale kuchipinda, ndipo wapita kukagona mtima uli m'malo, zimene ndi zoipa kuposa akanakhala kuti akukayikabe.

Njira yophweka ndi iyi. Pa tebulo la users wonjezera kolamu ya nambala, uitche dzina lililonse, tinene session_version, yoyambira pa 1. Munthu akalowa, kopera nambalayo mu session yake. Pa tsamba lililonse lofuna munthu wolowa, yerekeza ya mu session ndi ya mu database. Zikasiyana, mutulutse. Posintha pasiwedi, mu UPDATE yomweyo, kweza nambalayo ndi 1. Basi, mafoni onse amene analowa ndi kiyi wakale agwa nthawi imodzi. Ngati uli ndi kabokosi ka "ndikumbukire", ufufute ma token ake onse a membala ameneyo, pamodzi ndi ma code a oiwala amene sanagwiritsidwe ntchito. Laravel ili ndi logoutOtherDevices, Django imachita zofanana payokha, koma iwe unasankha kuyenda wapansi, ndiye uzilemba wekha. Si mizere yoposa 15.

Nanga foni imene wasinthirapoyo? Ambiri amaisiya ili mkati n'kuipatsa session yatsopano ndi session_regenerate_id. Ndi zololeka, ngakhale buku la PHP lenilenilo limachenjeza kuti pa netiweki yodukaduka, monga ya mafoni, session ikhoza kutayika panjira, ndipo netiweki ya kwa Jali kapena ku Mayaka ukuidziwa. Ine ndimakonda kutulutsa aliyense, mwini wake yemwe, n'kumulembera kuti pasiwedi yasintha, lowaninso ndi yatsopano. Akaitayipa kachitatu pomwepo imakhazikika m'mutu, ndipo ngati china chalakwika amadziwa nthawi yomweyo, osati pa 28 akufuna kuona ngongole.

Zotsalazi ndidutsapo mofulumira. Fomu ipite ndi POST, chifukwa GET imaika pasiwedi mu adiresi, n'kutsala mu history ya foni ndi m'ma log a seva. Kunena za ma log, usalembemo zonse zochokera mu fomu pofufuza cholakwika. Mu May 2018, Twitter inapempha anthu ake oposa 330 miliyoni kuti asinthe mapasiwedi chifukwa pulogalamu yawo inkawalemba mu log yamkati asanagayidwe. Lemba zoti membala wakuti wasintha pa nthawi yakuti, osati wasintha kukhala chiyani. Ika token ya CSRF mu fomu, kanambala kachinsinsi kotsimikiza kuti fomuyo yachokeradi pa tsamba lako, kuti linki ya "bandulo yaulere" yoponyedwa pa gulu la WhatsApp isatumize fomu yako m'malo mwa membala. Bokosi la pasiwedi yakale liikire malire: akalakwitsa kasanu, adikire mphindi 15, apo ayi wogwira foni ya mwini adzakhala pamenepo n'kumayesa mayina a ana onse. Ndipo ngati adiresi yanu ikuyamba ndi http wopanda s, siya zonse ukonze zimenezo lero. Satifiketi ya Let's Encrypt, imene imabweretsa s ameneyo n'kubisa zoyenda pakati pa foni ndi seva, ndi yaulere, ndipo m'ma cPanel ambiri ndi batani limodzi. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Pomaliza kusintha, mwini adziwitsidwe kudzera njira ina. Aphunzitsi ambiri imelo saitsegula, choncho SMS ndi imene ingafike: pasiwedi yanu yasinthidwa lero nthawi yakuti, ngati si inu, imbirani msungichuma. Pasiwediyo isalembedwemo. Ndikudziwa kuti SMS ndi ndalama, koma anthu 140 sasintha tsiku lililonse. Komiti ikanyinyirika, uwakumbutse kuti kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, limene MACRA ikuyang'anira, ndipo gulu losunga mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu lili ndi udindo wozisamala.

Usanakweze, bwereka foni yachiwiri. Lowa pa zonse ziwiri ndi akaunti yoyeserera, usinthe pasiwedi pa yoyamba, kenako udine chilichonse pa yachiwiri. Ikakutulutsa, wakhoza. Yesa kulowa ndi yakale, ikane. Kenako pita mu phpMyAdmin komaliza, uone kuti mzere wosintha ndi umodzi ndipo hash yake, ngati ndi ya bcrypt, ili ndi zilembo 60.

*

Amalume,

Ndine mlembi pa sukulu ina ya pulayiveti kufupi ndi Domasi. Amene anatipangira pulogalamu yolembera magiredi anaika lamulo loti mphunzitsi aliyense azisintha pasiwedi mwezi uliwonse, ndipo ikhale ndi chilembo chachikulu, nambala ndi chizindikiro. Aphunzitsi akuiwala kwambiri moti ndinagula hadikava yolembamo mapasiwedi a onse, ndimaisunga mu kabati. Kodi ndikulakwitsa?

Mayi wa ku Domasi

Mayi, inu simunalakwe pofuna kuthandiza, koma hadikavayo iwotchedwe. Aliyense amene angatsegule kabatiyo akhoza kusintha magiredi a sukulu yonse m'dzina la mphunzitsi wina, ndipo mlandu udzagwera inu.

Cholakwika chenicheni ndi lamulolo, ndipo mwini wake analikana kale. Malangizo a chilembo chachikulu, nambala ndi chizindikiro anafala kuchokera ku chikalata chimene Bill Burr analemba mu 2003 akugwira ntchito ku NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo. Mu 2017, atapuma pa ntchito, anauza nyuzipepala ya Wall Street Journal kuti zambiri mwa izo akunong'oneza nazo bondo. Chaka chomwecho NIST inatulutsa malangizo atsopano, SP 800-63B, onena kuti anthu asakakamizidwe kusakaniza mitundu ya zilembo, ndiponso asakakamizidwe kusintha pasiwedi pa kalendala pokhapokha pali umboni woti yabedwa. Microsoft nayo inachotsa lamulo losintha pafupipafupi pa malangizo ake a Windows mu 2019. Chifukwa chake mukuchiona nokha mu hadikavamo. Tayang'anani musanaiwotche. Ndikhulupirira mupeza dzina la mwana, nambala ya mwezi ndi chizindikiro chofuula, mwezi wotsatira dzina lomwelo nambala yokha itakwera. Wodziwa ya mwezi watha ya mwezi uno saivutikira.

Chimene chimalimbitsa pasiwedi ndi kutalika ndi kusayembekezeka. Malangizo a 2017 ankati zilembo zisachepere 8. Okonzedwanso a 2025 akuti 15, ngati pasiwedi ndiyo yokha yoteteza akaunti. Zikumveka zambiri, koma mawu anayi a Chichewa osagwirizana, monga chambo mbaula njinga mulunguzi, ndi zilembo 30 kuwerengera mipata, ndipo mphunzitsi amene amaloweza mayina a ana 80 sangalephere kuwasunga. Amenewa musawagwiritse ntchito poti asindikizidwa. Mwambi kapena vesi lodziwika silithandiza kwenikweni, mawuwo akhale oti sakhalira pamodzi.

Wokonza pulogalamuyo mukamuuze zinthu zitatu. Achotse kusintha kwa mwezi ndi mwezi. Aike kadiso koonetsa zimene munthu akutayipa, chifukwa pa kiyibodi ya foni zala zimaphonya. Ndipo m'malo mwa malamulo a zizindikiro, pulogalamu izikana mapasiwedi odziwika kale. Troy Hunt wa ku Australia, amene anayambitsa Have I Been Pwned mu 2013, ali ndi nkhokwe yaulere ya mapasiwedi mamiliyoni mazanamazana amene anabedwapo, ndipo pulogalamu imatha kufunsa kumeneko potumiza zilembo 5 zoyambirira za hash, pasiwediyo osachoka pa seva. Pamwamba pake awonjezere kamndandanda kathu: dzina la sukulu, Zomba, Domasi, Malawi1964, Bullets, Noma, Red Lions, ndi nambala ya foni ya mwini akauntiyo.

*

Amalume,

Ndikuphunzira ku Chirunga ndipo ndikupanga pulojekiti ya chaka chomaliza. Munthu akaiwala pasiwedi, pulogalamu yanga imapanga yatsopano ndi rand, lamulo lotulutsa manambala mwachisawawa, n'kumutumizira pa SMS. Aphunzitsi anga anangogwedeza mutu osanena kanthu. Cholakwika n'chiyani?

Mtsikana wa ku Chikanda

Chemwali, anagwedeza mutu pa zifukwa zingapo. Choyamba, aliyense wodziwa nambala yanga akhoza kudina batani limenelo n'kundisinthira pasiwedi ine osapempha, kakhumi pa tsiku ngati akufuna kundizunza. Kupempha kokha kusasinthe kanthu. Pasiwedi yakale ikhalebe yamoyo mpaka mwini atatsimikiza. Chachiwiri, pasiwedi yotumizidwa pa SMS imakhala mu foni mpaka kalekale, ndipo ambiri saisintha. Chachitatu, rand sinapangidwire zachinsinsi. Kuyambira PHP 7 muli random_int ndi random_bytes, mugwiritse ntchito zimenezo.

Mutumize code ya kanthawi, ya manambala 6, yofa pakatha mphindi 10, yogwira kamodzi kokha, ndipo akailakwitsa kasanu ife pomwepo. Mu database musunge hash yake pamodzi ndi nthawi yothera. Akailemba molondola, apo ndi pamene mumuonetse mabokosi awiri oikira pasiwedi yatsopano, popanda la yakale, chifukwa code ija yalowa m'malo mwake. Akamaliza, muchite zonse zimene ndauza mnyamata wa ku Chinamwali: kugaya ndi password_hash, kutulutsa mafoni onse, kudziwitsa mwini. Uthenga wa pa sikirini ukhale umodzimodzi kaya nambalayo ilimo kaya mulibe, wakuti ngati nambalayi inalembetsedwa tatumizako code. Mukamayankha kuti nambalayi sitikuidziwa, mwapatsa anthu chida chofufuzira amene ali m'gulu.

Mu lipoti lanu mulembemo kuti SMS ili ndi malire ake, aphunzitsi adzakondwa. Wogwira foni ya mwini amawerenganso SMS yake. Layini imabedwa, ndipo yokhalitsa osagwiritsidwa ntchito imadzapatsidwa kwa munthu wina. Pa akaunti yongoonera zotsatira za mayeso, zimenezo n'zopiririka. Pa gulu la ndalama ngati la aphunzitsi lija, kumene foni yomweyo ndi imene ikubwerekedwa, ine ndingasankhe kuti woiwala apite yekha kwa msungichuma ndi chiphaso chake cha unzika. Msungichumayo adine batani, pulogalamu itulutse code ya kamodzi, ailembe pa kapepala, ndipo membalayo akaike yekha pasiwedi imene msungichuma sadzaiona. Pulogalamu ilembe kuti code inatulutsidwa ndi ndani, kwa ndani, tsiku liti, ndipo mndandanda umenewo uziwerengedwa pa msonkhano wa komiti pamodzi ndi lipoti la ndalama.